Birkin kapena Radical: ndikufuna kusiya BMW yanga

Yohane wa ku Booysens:
Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo milungu itatu tsopano. Ambiri mukuidziwa BMW yanga ija, E36 328i, imene ndakhala ndikuthamanga nayo pa mabwalo a mpikisano (track) a Zwartkops ndi Midvaal kuyambira 2019. Ndinachotsamo mipando yakumbuyo, makapeti, wailesi, zonse, koma pa sikelo ikadali pamwamba pa makilogalamu 1,200. Loweruka lapitali ndinabwerako matayala akutsogolo atadyeka mbali yakunja, mabuleki akununkha, ndipo tsiku lonse ka Birkin kena kamandisiya potuluka pa kona 2 ngati ndaima. Ndaganiza zoigulitsa n'kugula galimoto yopangidwira track basi. Ndapeza ziwiri: Birkin S3 ya injini ya Toyota 4A-GE ku Benoni, ndi Radical SR3 yakale ku Midrand, imene mtengo wake ukuposa kawiri wa Birkin ija. Mtima uli pa Radical, ndisaname. Ndigawireni nzeru ndisanatulutse ndalama.

Dalitso wa ku Tembisa:
Achimwene, apa palibe chofunsa. Tengani Radical! Kampani imeneyi ndi yomwe inazungulira bwalo la Nürburgring ku Germany mphindi 6 ndi masekondi 48 mu 2009 ndi SR8 LM. Birkin ndi galimoto ya azigogo. Kapena ngati thumba likulola fufuzani Ariel Atom 4, ili ndi injini ya Honda Civic Type R, mphamvu yake 320 bhp, kulemera kwake sikufika makilogalamu 600.

Che Imedi:
Dalitso mphwanga, ya 2009 ija inali V8, SR3 ndi nyama ina. AYohane, ine ndimagona pansi pa magalimoto amenewa sabata ndi sabata kugalaja komwe ndimagwira ku Midrand, ndiye ndiloleni nditalikitseko.

Funso loyamba kwa wogulitsayo lisakhale mtengo. Mufunseni kuti injini yayenda maola angati chipangireni ovaholo yomaliza. Injini ya SR3 inachokera ku njinga yamoto ya Suzuki Hayabusa, ina 1340cc ina 1500cc, ndipo imazungulira kupitirira 10,000 rpm. Moyo wake sitiuwerenga m'makilomita, timauwerenga m'maola. Zakalezi, zikamathamangitsidwa zenizeni, zikafika chapamaola 40 timazitsitsa n'kuzimasula, ngakhale zikulira bwino. Giyabokosi ili m'kati mwa thupi lomwelo la injini ndipo zimamwera oilo mmodzi, choncho dzino la giya likathyoka, zitsulo zake zimayenda ndi oilo mpaka ku ma bearing. Mumangoona kuti vuto limodzi labala ana atatu.

Wogulitsa akakuuzani pakamwa kuti “yangopangidwa kumene”, mupempheni mapepala a ovaholo, ndiponso alole tilumikize kompyuta tione zimene galimoto yasunga. Imasunga maola, kutentha kwa madzi, mphamvu ya oilo, ngakhale nthawi imene munthu anatsitsa giya molakwika injini n'kukuwa kupyola malire. Akakana, tsanzikani mwaulemu muzibwerera.

Yohane wa ku Booysens:
Che Imedi, zikomo kwambiri. Maola 40 akuoneka ochepa, komabe ine tsiku limodzi la track ndimayenda mwina maulendo asanu a mphindi 15 kapena 20. Ndiye kuti ola limodzi ndi theka. Chaka chatha ndinapita ka 9. Si pafupifupi zaka zitatu zimenezo ndisanaimasule?

Che Imedi:
Masamu anu ali bwino, ngati ikuyambira pa ziro. Nanga mukaigula ili pa maola 30? Ndiye kuti chaka chisanathe mwalowa m'thumba, ndipo zipangizo zambiri zimachokera ku Peterborough ku England, mumalipira m'mapaundi, kuwonjezapo ndege ndi msonkho. Mukudziwa nokha mmene rand imachitira ikakumana ndi paundi. Chinanso, mukasipina galimoto n'kuyamba kubwerera chammbuyo musanaponde kilatchi, injini imazungulira mobwerera ndipo sitata imawonongeka pomwepo. Amene akuchokera ku magalimoto wamba amachita zimenezi kawirikawiri miyezi yoyamba. Komanso siilizidwa yozizira n'kungonyamuka ngati bakkie. Madzi ndi oilo ziyambe zafunda, ndipo pamafunika munthu wachiwiri wokumangani malamba ndi kuyang'ana matayala. Inu mumapita nokha ku track, si choncho?

Yohane wa ku Booysens:
Nthawi zambiri ndekha, inde. Mnyamata wanga wa kugalaja amandiperekeza Loweruka likakhala lopanda ntchito.

Nabanda:
Achimwene aYohane, ine za injini sindilowererapo, koma mabuku a galaja lanu ndawagwirapo ndipo ndiyankhula ngati mlongo wanu. Tengani pepala, mulembe mtengo wa tsiku limodzi la track pa galimoto iliyonse mwa zitatuzi, kuphatikizapo BMW imene muli nayoyo. Mulembemo malipiro olowera, petulo, gawo la matayala, gawo la mabuleki, oilo, dizilo wa galimoto yokoka ngolo, kenako mtengo wa ovaholo muugawe ndi maola ake kuti ola lililonse likhale ndi mtengo wake. Ndimachita chimodzimodzi ndi kart ya mwana wanga, ndipo chaka choyamba ndinadabwa kuona kuti kart yeniyeniyo ndiyo inali yotchipa pa zonse. Mukamaliza mudzifunse kuti ndi galimoto iti imene ingakulolenibe kupita ka 9 pachaka popanda kukhudza ndalama za malipiro a anyamata ndi zotumiza kumudzi. Ndaona anthu ambiri muno m'Joni atagula chinthu chokongola n'kuchifunditsa nsalu m'galaja chaka chonse chifukwa choopa kuchiliza.

Ndipo mukumbukire kuti inshuwalansi wamba siteteza galimoto ikakhala pa track. Mukagunda khoma, zonse ndi zanu.

aMbewe a ku Centurion:
Ndinali mu msonkhano, ndangowerenga zonse tsopano. Dalitso, mawu akuti galimoto ya azigogo andikhudza, chifukwa gogo amene anawasiya aYohane pa kona 2 uja mwina ndine. Yanga ndi yobiriwira ya mphuno yachikasu.

Yohane wa ku Booysens:
Ndi yomweyo, akulu! Sindinadziwe kuti munali inu, chipewa chinakubisani.

aMbewe a ku Centurion:
Ndiye mverani kwa mwini wake. Galimoto imeneyi maonekedwe ake ndi a Lotus Seven imene Colin Chapman anatulutsa mu 1957. Caterham anagula ufulu woipanga mu 1973, ndipo kuno ku South Africa John Watson anayambitsa Birkin mu 1982 cha ku Durban. Ubwino wake kwa ife ndi umenewu, kuti ndi yobadwira konkuno. Zili zambiri m'Gauteng muno, ndipo amakaniko akuzidziwa. Injini zake ndi za magalimoto a mumsewu: 4A-GE ya Corolla, Ford Zetec, Duratec, ena anaikamo Rocam 1.6 ya mu Bantam. Chitawonongeka china Lachitatu, Lachinayi mwachipeza ku sikirapu kapena m'sitolo ya masipeya, Loweruka muli pa track. Inu ndinu makaniko, aYohane, palibe bawuti pa galimoto imeneyi imene ingakuvuteni.

Yanga ndi yopepuka pafupifupi theka la BMW yanu. Mphamvu ya injini ndi yochepa kuposa 142 kW imene 328i inabadwa nayo, koma ndinakusiyani chifukwa ndimachedwa kuponda buleki, ndimalowa m'kona ndi liwiro lochulukirapo, ndipo potuluka injini ilibe katundu wokoka. Matayala anga a semi-slick, a mizere yochepa aja, ndimatha nawo masiku ambiri a track, pomwe inu mwina mumasintha akutsogolo pakangopita masiku atatu. Ma pad a mabuleki ndimachita kuiwala kuti ndinasintha liti.

Koma ndisakunamizeni kuti ingapikisane ndi SR3. Singathe. Thupi la Seven mphepo imaligunda ngati chitseko, magudumu akutsogolo ali pamtunda, ndipo mukadutsa 160 mumamva kuti yayamba kulimbana ndi khoma la mphepo. Pa bwalo la Kyalami, msewu wautali uja wopita ku kona ya Crowthorne, Radical imandidutsa ine osaiona n'komwe kumene yachokera.

Dalitso wa ku Tembisa:
Pepani akulu aMbewe, sindinafune kunyoza. Koma mwavomereza nokha kuti Radical ndi yothamanga. Nanga cholinga cha mpikisano si liwiro?

Madala aGondwe:
Mwana wanga Dalitso, ndiyankhe ine. Ndaima m'mbali mwa track ndi mbendera m'manja zaka zambiri, ndipo mu 1993 pamene Alain Prost anapambana Grand Prix yomaliza ya pa Kyalami ndinali pomwepo, mvula yamabingu inagwa chakumapeto. Chimene maso angawa aona n'chakuti munthu amene amabwerako akusangalala madzulo ndi amene anali ndi mnzake womenyana naye kona ndi kona. Wina amabwera ndi galimoto yothamanga kuposa onse pa tsiku la track, ndiye tsiku lonse ntchito yake ndi kudikira kuti ena amupatse mpata. Lapu imodzi yoyera, yozungulira bwalo lonse popanda womutchinga, saipeza. Pa Zwartkops, makilomita 2.4 okha, akazungulira kawiri wapezanso msana wa gulu lomwe lija.

Ma Seven ali ndi mpikisano wawo, Lotus Challenge, ndipo amaikidwa m'magulu molingana ndi injini. Mumanyamuka limodzi ndi anzanu amphamvu zofanana, wopambana ndi amene ali ndi manja abwino. Kumeneko ndiye munthu amaphunzira kuyendetsa. AYohane, bambo a Tamanda, musanasankhe galimoto sankhani kaye anthu amene mukufuna kuthamanga nawo, muwerenge malamulo a gulu lawo, kenako mugule galimoto yolowa m'malamulowo. Ndaonapo munthu atagula Seven ya injini yokonzedwa mopyola, gulu laling'ono n'kumukana, gulu lalikulu n'kumusiya kutali.

Yohane wa ku Booysens:
Madala, apa mwandigwira penipeni. Kunena zoona sindinapikisanepo, ndimangopita masiku a track. Koma chikhumbo chonyamuka pa grid, poyambira mpikisano paja, ndi anzanga chilipo kuyambira kale.

Madala aGondwe:
Ndiye mudzafunika kulowa kalabu ndi kutenga layisensi ya Motorsport South Africa. Onaninso roll cage (zitsulo zotchinjiriza woyendetsa galimoto ikagubuduzika) ya Birkin ya ku Benoniyo ngati ili yovomerezeka pa mpikisano, chifukwa zambiri za mumsewu zili ndi chitsulo chimodzi chakumbuyo kwa mutu basi. Malamba ovomerezeka ndi FIA, bungwe la mipikisano ya magalimoto padziko lonse, amakhala zaka 5, tsiku lake lalembedwa pa kansalu, oyendera magalimoto amaliwerenga. Ndipo gulani HANS yoteteza khosi. Pa izi musanyengerere ndalama, ndanyamulapo anthu.

Che Imedi:
Pali china chimene sitinachikhudze, ndipo mavidiyo amene Dalitso amaonera sanena chifukwa amajambulidwa ku England kufupi ndi nyanja. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750. Mpweya kuno ndi wopepuka, injini yopanda turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini) imataya mphamvu pafupifupi 17 pa 100 iliyonse. Ndiye nambala ya bhp imene mwawerenga pa intaneti, ichotsereni gawo limenelo, kaya ndi Hayabusa kaya 4A-GE. Amene anapitapo ku Killarney ku Cape Town kapena ku East London akudziwa mmene galimoto yomweyo imadzukira ikafika kunyanja.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti mapiko a SR3 nawonso amadya mpweya womwewo. Downforce ya SR3, mphamvu ija imene mphepo imakanikizira galimoto pansi, imachepa mofanana kuno kumtunda. Rediyeta nayonso imavutika kuziziritsa, makamaka mu January. Komabe ngakhale itachepa choncho, ndi yambiri kwa munthu amene sanaizolowere. Imakula ndi liwiro, mukawirikiza liwiro kawiri iyo imawirikiza kanayi. Tanthauzo lake, pa kona yothamanga ngati Sunset pa Kyalami galimoto imagwira kwambiri mukalowa mwamphamvu kusiyana ndi mukalowa mwamantha. Mutu umakuuzani kuti chotsa phazi, galimoto ikufuna kuti mupondebe. Kuphunzira zimenezi kumadya matayala a slick, osalala opanda mizere aja, ndi maola a injini, ndipo mukalakwitsa mumalakwitsa pa liwiro lalikulu.

Dalitso wa ku Tembisa:
Ndiye bwanji za turbo? Atom 4 ili ndi turbo. KTM X-Bow ili ndi 2.0 TFSI ya Audi. Radical yomweyo ili ndi SR10 ya Ford EcoBoost 2.3, 425 bhp.

Che Imedi:
Turbo imabweza mphamvu yambiri imene phiri latilanda, zoona, ngakhale imagwira ntchito yowirikiza ndipo kutentha kumachuluka. Koma mphwanga, magalimoto watchulawo mtengo wake ndi nyumba yathunthu ku Area 49. X-Bow thupi lake ndi la carbon, lopangidwa mogwirizana ndi kampani ya Dallara, ndipo imalemera pafupifupi makilogalamu 800, si yopepuka ngati zinazi. Likang'aluka thupi limenelo simuwotcherera ku Booysens. Birkin ndi mapaipi achitsulo ndi malata a aluminiyamu, aYohane akhoza kuiwongola okha.

Nabanda:
Ndipo amene akuganiza zoitanitsa yogwiritsidwa kale ntchito kunja adziwe kuti dziko lino silingolola. Pamafunika chilolezo cha ITAC, bungwe la boma loona za katundu wolowa ndi wotuluka, ndipo ngakhale magalimoto a mpikisano ali m'gulu la zololedwa, mapepala ake amafunika musanaikweze sitima, osati itafika kale ku Durban.

Wyson wa ku Rosettenville:
Moni nonse. Ine ndingowonjezera za ngozi imene inandigwera, mwina ithandiza. Mu 2021 ndinagula Seven yomangidwa pakhomo ndi munthu wina, osati ya fakitale. Inkaoneka bwino, injini ikulira mokoma, ndinailipira tsiku lomwelo osaikweza pa jeke. Ulendo wachiwiri ku bwalo la Red Star cha ku Delmas, pa kona yaitali, getsi la oilo linaphethira kamodzi, lapu yotsatira injini inagogoda. Titaimasula tinapeza kuti sampu anaidula kuti isamakhudze pansi, koma sanaikemo zotchinga zoletsa oilo kuthawira mbali imodzi. Pa msewu sizikanaoneka, koma pa track ndi matayala ogwira, oilo yense amakhamukira kumbali, pampu n'kumayamwa mpweya. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Miyezi 7 galimoto ili pa mathandala. AYohane, ya ku Benoniyo muyang'ane sampu, mufunse ngati ili ndi zotchinga kapena ndi dry sump, yosunga oilo mu thanki yapadera, ndipo muone mapaipi a chassis kumene ma wishbone, zitsulo zogwira magudumu zija, amangidwa, ngati pali mng'alu kapena powotcherera pachilendo.

Yohane wa ku Booysens:
Pepani kwambiri achimwene Wyson. Ndalemba zonse. Mwini wake anati galimotoyo inapikisanapo zaka zapitazo, ndiye ndikamupempha logbook yake, buku la mbiri ya mipikisano yake.

Madala aGondwe:
Mwachita bwino. Ndipo popeza palibe amene watchula, Formula Vee iliponso. Mpando umodzi, magudumu pamtunda, injini ya Volkswagen ya 1400, ndipo yakhala ikuthamanga m'dziko muno kuyambira zaka za m'ma 1960. Pa ndalama ndi imodzi mwa njira zotsika zopikisanira. Vuto lake kwa inu n'lakuti masiku ambiri a track salola galimoto za mpando umodzi kusakanikirana ndi zamadenga, komanso simunganyamule munthu. Ndikudziwa Tamanda amakonda kukhala pambali panu.

Ndinene chinanso kwa Dalitso, kuti asamaone Seven ngati chinthu chachabe. Gordon Murray, mwana wa ku Durban amene anadzapanga McLaren F1, galimoto yake yoyamba imene anamanga ndi manja ake n'kuthamanga nayo m'zaka za m'ma 1960 inali ya mtundu womwewu, kagalimoto kopepuka ka injini ya Ford.

Dalitso wa ku Tembisa:
Zimenezo sindimazidziwa, madala. Komabe ine tsiku lina ndidzakwera SR3, ngakhale lapu imodzi.

Che Imedi:
Udzakwera, ili ndi mipando iwiri. Tsiku loyesa magalimoto ndidzapempha abwana, ubwere ndi chipewa ndipo usadye nsima yambiri m'mawa, khosi ndi mimba zimamva makona amenewo. Ndipo aYohane, ndisamveke ngati ndikuinyoza Radical. Pa magalimoto onse amene ndagwirapo, ndi imodzi mwa zimene zimandisangalatsa kwambiri, yopangidwa mwanzeru, giya imalowa ngati mfuti. Mukadakhala ndi zaka ziwiri za mpikisano kumbuyo kwanu ndi munthu wachiwiri wokhazikika, ndikadakuperekezani ku Midrand mawa lomwe.

Yohane wa ku Booysens:
Ndakhala pansi ndi pepala la asisi Nabanda usiku uno. Mitengo ya ovaholo ndi ma slick ndaitenga kwa Che Imedi pafoni. Ndi Radical ndingathe kupita ka 4 pachaka, mwina ka 5 ngati palibe chothyoka, ndipo ngolo yanga iyenera kusinthidwa chifukwa mphuno yake ndi yotsika kwambiri, singakwere pa ma ramp anga. Ndi Birkin ndingapite ka 9 konse kuja n'kutsalako ya layisensi ndi HANS. Mtima ukuwawabe pang'ono ndikaiganiza SR3 ija, sindibisa. Koma chimene chandigwira ndi mawu a madala, oti ndiyambe ndasankha anthu othamanga nawo.

Nkhawa yatsala imodzi. Ndine wamtali 1.86 ndipo mapewa ndi otambalala. Ndikwanamo?

aMbewe a ku Centurion:
Limenelo ndiye funso lofunika kuliyankha ndi thupi, osati pafoni. M'kati ndi mopanikiza, chigongono chakumanja chimakhala kunja, ndipo chofunika kwambiri n'chakuti chipewa chanu chikhale pansi pa chitsulo cha roll cage ndi mpata wokwanira. Ena aatali amachotsa mpando n'kuthira wa thovu woumbidwa pathupi pawo, amatsika ndithu masentimita angapo. Loweruka likubwerali ndili pa Zwartkops kuyambira 7 koloko m'mawa. Bwerani mudzakhalemo mu yanga mutavala chipewa, tikumangeni malamba, kenako ndidzakuyendetsani maulendo awiri. Mukakwanamo, Lamlungu tipitire limodzi ku Benoni.

Che Imedi:
Ku Benoni ndibwera nawo. Nditenga choyezera compression ndi tochi, inu aYohane mutenge jeke ndi ma stand anayi. Mumuuze mwini wakeyo asailize tisanafike, ndikufuna ndiimve ikudzuka yozizira.

Nabanda:
BMW musaigulitse kaye mpaka Lamlungu lidutse.

Yohane wa ku Booysens:
Ndamva, asisi. Akulu aMbewe, 7 koloko ndidzakhala pa geti la R55. Tamanda akuti abwera nawo.

aMbewe a ku Centurion:
Abwere, chipewa chaching'ono ndili nacho. Inu muvale nsapato zopyapyala, osati majombo a kugalaja aja. Ma pedulo ali pafupi kwambiri, ndi jombo mudzaponda buleki ndi mafuta nthawi imodzi.